Masipika Omaliza a Achimwene

Achimwene anga anthu ankawatchula kuti aMakutu. Makutuwo analidi otambalala, koma dzinali linabwera chifukwa ankamva zomwe enafe sitimva. Kwaya ikamayimba ankatha kuloza mayi mmodzi wa mzere wakumbuyo n'kunena kuti, "Amayi inu, mwatsika." Mayiyo ankangoyang'ana pansi, chifukwa zinali zoona. Pankhope Mulungu sanawakondere kwenikweni, koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Iwo anaidziwa.

Anayamba ali mnyamata, kunyamula mawaya a magulu oimba ndi kuimirira pafupi ndi zimasipika zazikulu zija zogwedeza chifuwa. Atakula anatsegula situdiyo yojambulira makwaya m'chipinda chakuseri kwa nyumba yawo. Makoma anawamata ndi masiponji ndi mathireyi a mazira kuti mawu asamabwerere. Pakona panali tebulo, patebulopo kompyuta, ndipo uku ndi uku kwa kompyutayo masipika awiri. Kwaya ikaimba n'kupita, iwo ankatsala akusanja mawu: apa kukweza, apa kutsitsa, apa kuchotsa kukhosomola kwa munthu pakati pa vesi. Ine ndine telala, ndipo mashini anga anali pakhonde pawo, choncho wolowa ndi wotuluka aliyense ndinkamuona.

Pa nkhani yosankha masipika panalibe wowaposa. Anthu ankachita kuwapempha kuti awaperekeze kusitolo. Akafika sankafunsa dzina la kampani. Ankayamba anyamula sipikayo kuti amve kulemera kwake, kenako ankaigogoda ndi chala ngati munthu wogula vwende. Ikalira ngati chidebe chopanda madzi ankaibweza. Zokhala ndi timagetsi tophethira ankati ndi zidole za ana. Wogulitsa akaika nyimbo ya bezi yogunda kuti awakope, iwo ankamuletsa. "Bezi imabisa zambiri. Ikani munthu akulankhula. Sipika yabwino simakongoletsa mawu, imanena zomwe yapatsidwa." Ankati mphamvu ya sipika ili pa kakang'ono kapamwamba kaja, kotulutsa mawu opyapyala: asopulano, maseche, ndi kampweya kotuluka pakati pa mano munthu akamaimba.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tinayamba kuona kuti ketulo imatha kulira mpaka madzi kuuma iwo ali pompo. Foni yawo inkalira m'thumba, ife n'kumawauza. Alamu anga, akazi awo, ankangoti abambo atanganidwa ndi maganizo.

Kenako zinalowa mu ntchito. Mawu opyapyala aja ndi amene anayamba kuwathawa, koma iwo sanadziwe. Akamasanja nyimbo ankaona ngati asopulano azimiririka, ndiye ankawakweza. Osawamva, n'kukwezanso, mpaka afike poti makutu awo akhutire. Kwa iwo nyimbo inkatuluka yosalala. Kwa ife inkalasa m'mutu ngati msomali ukukanda lata. Ine ndili pakhonde ndinkachita kuluma mano.

Makwaya anayamba kubwerera ndi madandaulo. Achimwene ankawalowetsa mu situdiyo, kuwayatsira nyimboyo, n'kufunsa kuti, "Chavuta n'chiyani apa? Wailesi zanu ndi zotchipa." Anthu ankatuluka mwaulemu, osabweranso. Madandaulo atachuluka, iwo anapeza wolakwa. Anati masipika atopa, akuwanamiza. Anagula ena. Sipanapite nthawi, awonso anati ndi ogontha. Anasinthitsa, anabwereka, anagula akale kwa munthu wina wotseka situdiyo. Mpaka m'kanjira kopita kubafa munadzaza masipika abwinobwino atasanjikizana, ndipo alamu ankayanikapo matawulo.

Ine pakamwa panga palibe chitseko, aliyense kwathu amadziwa. Tsiku lina akutsitsa katoni ina pa njinga ndinalephera kupirira.

"Achimwene, masipika alibe mlandu. Pitani kuchipatala akakuoneni m'makutu."

Anaika katoniyo pansi. "Iwe ukudziwa chiyani za mawu? Mashini ako akugogodawo ndiye nyimbo yomwe umaidziwa."

"Ine sindidziwa nyimbo, koma ketulo ndimaimva."

Madzulo omwewo mashini anga anatsitsidwa pakhonde. Ndinakasokera kwa mnzanga kwa miyezi ingapo. Alamu ananditsatira kudzandidzudzula kuti ndawachotsa ulemu abambo, kuti zinthu zina munthu amangoona. Ndinawafunsa kuti tiona mpaka liti, poti nyumba ikudya kuchokera m'makutu omwewo. Analira, inenso ndinalira, koma palibe chinasintha.

Pa makwaya onse inatsala imodzi, ya amayi a tchalitchi china chaching'ono. Wotsogolera wake, yemwe tonse tinkangoti amayi atcheya, anali munthu wokhulupirika mopitirira muyezo. Achimwene ndi amene anajambula nyimbo zawo zoyamba kale, kwayayo isanadziwike ndi aliyense. Amayi a kwayayo anabwera ndi nyimbo zatsopano, anajambulitsa, ndipo potuluka amayi atcheya anatsalira pakhomo. Alamu anamva zomwe ananena. "Bambo, anzanga akuti tipite kwina. Ine ndawakaniza. Chonde musandichititse manyazi." Achimwene anadziwa kuti kwaya imeneyi ikapita, situdiyo yatha.

M'mawa mwake anatulukira komwe ndinkasokera. Kupepesa sankadziwa. Anangoti, "Tiye ukandithandize kunyamula." Anali atagulitsa njinga yawo yamoto, ndipo anali kupita kukagula masipika enieni a mu situdiyo, aja ankangowaonera pagalasi zaka zonsezi. Ndinkafuna kunena kuti akutaya njinga pachabe, koma ndinameza mawu. Ndinawamvera chisoni. Anali atavala jekete ngati akupita kukafunsira ntchito.

Sitoloyo inali yozizira, ya magalasi, yokhala ndi mlonda pakhomo. Wogulitsa anali mayi wina wowadziwa kalekale, ndipo anawalandira ndi manja awiri. Achimwene anachita zonse monga mwa nthawi zonse. Ananyamula, anagogoda, anasuzumira kumbuyo komwe kumalowa mawaya. Anauza mayiyo kuti awalumikize ku kompyuta ndi kuwaika molingana ndi makutu, osati pansi, komanso osagunda khoma. Anakoka mpando n'kukhala pakatikati. Kuwaona pamenepo, munthu ukanati palibe chomwe chawachokera.

"Bambo," anatero wogulitsa, "masipika amenewa timawayesa ndi kaphokoso kena. Kamayambira pansi penipeni n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba. Ngati pali pomwe sipika ikulephera, mumva."

"Ikani," anatero achimwene, n'kutsinzina.

Kanayamba ngati galimoto yaikulu ikudutsa patali. Anagwedeza mutu. Kanakwera, kukhala ngati munthu akung'ung'udza, kenako ngati likhweru. Anamwetulira. Kanapitirira kukwera, kupyapyala, kuthwa, mpaka kanandilowa m'mano. Ndinatseka makutu ndi zala. Mlonda anasuzumira mkati atakwinya nkhope. Mwana yemwe anali kumbuyo kwa mayi wina wogula foni anayamba kulira.

Achimwene, maso ali chitsinzinire, anakweza dzanja. "Bwanji mwazimitsa? Pitirizani, ndimve pamwambapo."

Wogulitsa anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Achimwene anatsegula maso. Anaona zala zanga zili m'makutu, anaona mwana uja, anaona kamzere pa kompyuta kakuyendabe.

"Ikulira?" anandifunsa.

"Ikulira, achimwene."

"Mpaka pano?"

"Mpaka pano."

Ndinali nditalakalaka miyezi yonseyi kuti tsiku lina adzavomereze kuti ndinkanena zoona. Litafika tsikulo ndinalakalaka ndikanakhala wabodza. Anakhala pampandopo kanthawi, manja ali pamaondo. Kenako anaimirira, anasisita pamwamba pa sipika imodzi, n'kuuza wogulitsa kuti, "Ndi abwino awa, mayi. Alibe vuto." Tinatuluka chimanjamanja. Tinabwerera pa basi.

Kuchipatala anapita okha, osauza munthu. Anabwerako ndi mawu ochepa. Adokotala anati zomwe zafa m'katimo sizidzukanso, ndipo zotsalazo zizipita pang'onopang'ono. Kachipangizo kovala m'khutu kangawathandize kumva anthu akamalankhula, koma osati kusanja nyimbo. Alamu anayesa kuwalimbikitsa kuti ine ndizikhala nawo mu situdiyo n'kumawauza pomwe palakwika. Tinayesa masana amodzi. Iwo ankafunsa ngati asopulano akwana, ine ndinkangoti mwina. Makutu ndinali nawo, koma nzeru zake zinali mwa iwo, ndipo ziwirizi sizikanatheka kuziphatikiza. Anazimitsa kompyuta n'kundiuza kuti ndibweze mashini anga pakhonde.

Amayi atcheya anabwera pa tsiku lomwe anagwirizana, atavala bwino, ali ndi chikhulupiriro chonse. Achimwene sanawalowetse mu situdiyo. Anawapatsa mpando pakhonde pomwepo, pafupi ndi mashini anga, ndipo anatulutsa fulashi m'thumba la malaya.

"Nyimbo zanu zonse zili umu, mmene munaimbira. Sindinazikhudze. Pitani nazo kwa wina akakusanjireni. Ine makutu atha."

Amayiwo anailandira ndi manja awiri. Anayamba kunena za Mulungu yemwe salephera, koma achimwene anawadula.

"Ndikufunseni chinthu chimodzi, amayi, ndipo musandinamize. Nyimbo zija ndinakusanjirani chaka chatha, mumazimvera?"

Amayi atcheya anawerama, n'kuyankha motsitsa ngati munthu wolankhula pamaliro. "Tinazimvera kamodzi, bambo. Anthu anatuluka m'tchalitchi atagwira makutu. Tinangozisunga."

Achimwene anapendeketsa mutu, kuyang'ana milomo ya amayiwo, koma amayi atcheya anali atawerama kwambiri. Anatembenukira kwa ine.

"Akuti chiyani?"

Ndinayang'ana amayi atcheya kuti abwereze okha, koma anali atabisa nkhope m'manja. Alamu, omwe anaima pakhomo, anabwerera m'nyumba. Achimwene anali kundidikira, khutu atalitchera kwa ine, chifukwa ankadziwa kuti pa anthu onse ine ndekha sindingawabisire.

Ndinasendera pafupi n'kuwauza. Sanamve. Ndinachita kukuwa.