Mkaka umene a Manesi ankataya

Azakhali anga a Manesi anali mzamba wa kwathu, m'mapiri a ku Ntchisi, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Anali mayi wosakhazikika, waphuma, ndipo ukhondo ndiwo unali matenda awo. Mwana akangobadwa ankamusambitsa pomwepo, kaya kunja kuli chisanu cha mu Juni. Mkaka woyamba, wachikasu uja, ankati ndi wonyansa. Ankaufinyira pansi, mwana n'kumamwa timadzi mpaka woyera utabwera. Ana onenepa ankapirira, azakhali n'kumatamandidwa.

Kenako mwana wawo Sabina anachira masiku asanakwane. Kanabadwa kamwana kochepetsetsa, ndipo azakhali anakachita monga ankachitira ana onse. Kutacha kanayamba kunjenjemera timanja, kulira kwake kosamveka, kenako kanangoti lefu. Azakhali analowa, kutuluka, kulowanso, mtima uli m'mwamba. Diso lawo linagwera pa mkamwini wawo Kalebe.

"Inu bambo, mwayenda kuti? Mwamusempha mwanayu ndi chiwerewere chanu!"

"Amayi, ine sindinachoke pakhomo pano," anayankha Kalebe. "Tiyeni kuchipatala."

Anatsetsereka phiri, azakhali patsogolo ndi khanda, akulalata njira yonse. Kalebe ankakankha njinga imene anakwezapo Sabina.

Namwino wa pachipatala cha mishoni anafunsa kuti mwana wayamwa liti.

"Mkaka sunabwere," anatero azakhali.

"Nanga wachikasu uja?"

"Tinataya."

"Amayi, shuga wamuchepera m'magazi. Mwana wobadwa chonchi alibe nkhokwe m'thupi. Kuzizira kumadya kochepa kamene ali nako, ndiye mwamumananso chakudya."

Namwino anafinyira mkaka wa Sabina m'kasupuni, wachikasu womwewo, n'kumadontheza m'kamwa mwa khanda. Kenako anakagoneka pachifuwa pa amake n'kuwafunditsa bulangete. Azakhali ankangozungulira bedi, manja osadziwa poagwiritsa. Dzuwa likupendeka kamwana kanalira kwambiri, n'kugwira bere.

Onse anasekerera, koma azakhali ayi. Anatuluka n'kumupeza Kalebe pakhonde, atazolika. Mayi amene sankapepesa munthu anagwada pamaso pa mkamwini. Sabina akamafika pamenepa pofotokoza, mpaka lero ndimamva chisoni.

"Bambo, mwana wanu ali moyo. Inu simunalakwe." Azakhali anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma nanga ana aja tinakaika kudambo aja, abambo awo amene ndinawanyoza ndikawauza chiyani?"