Nkhope Yanga Ndidaifufuta Kanayi

Chaka chomwe fodya wathu adabwezedwa kawiri ku okushoni ndi chomwe ndidaganiza zopita ku Joni. Bambo a mwana wanga adali atapita kale kukakwatira kwina cha ku Chisepo, ndipo m'nkhokwe mudali mbewa zokhazokha. Mwanayo, Tadala, adali ndi zaka zitatu. Ndidawauza akulu anga, a Felista, tikusasula udzu wowola pa chigafa kwathu kwa Dzoole. Sadandiletse. Adangoti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Rita. Mwanayu umusiye, pano m'pakwawo."

Ndidagulitsa mbuzi zanga, ndipo kutatsala tsiku limodzi ine ndi a Felista tidapita ku Mponela kukagula mafoni awiri ogwirapo kale ntchito, ina yanga ina yotsala pakhomo. A Kamwendo, okonza mafoni pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, adati foni zoterezi siziyenda popanda imelo. Ife za imelo tikadazidziwira kuti? Anthu adali ambiri pamzere, ndiye bambowo adadula njira. "Si ndinu a bere limodzi? Ndikutsegulirani imodzi basi, muzidyera mbale imodzi." Adalemba pasiwedi pakachidutswa ka katoni ya sopo. Tidaseka, tidathokoza, tidapita.

Ndidakathera ku Kepitawuni, pa ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina wokalamba. Kogona ndidapeza kachipinda ka malata okhaokha kuseri kwa nyumba ya munthu, dera la mchenga komwe mphepo imalowa mpaka m'mano. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo pakhomo padabwera malata ndi feteleza, zimenezo sindikana. Koma kusungulumwa kwa kumeneko n'kwina. Padali masabata omwe Chichewa ndinkangolankhula ndi ketulo. Lamulungu ndikachoka ku Misa ndinkakhala pabedi n'kumamvetsera ana a eni ake akuseka kuseri kwa malata, mtima n'kumawawa mpaka kusowa pouika.

Tsiku lina m'mawa nditangofika kuntchito, foni itagwira intaneti ya m'nyumbamo, ndidatsegula zithunzi n'kupezamo nkhuku. Nkhuku yathu yamawangamawanga, itaima pamtondo wa a Felista. Kenako phazi la munthu. Kenako Tadala atagona pathumba la mtedza, kukamwa kuli yasa, tsaya lili mbuu ndi fumbi. Palibe adanditumizira. Zidangobwera zokha. Ndidakhala pansi m'bafa mwa abwana, burashi ili m'manja, n'kulira ngati ndamva za maliro.

Kuyambira pamenepo chilichonse chojambulidwa pa foni ya kumudzi chinkafika kwanga. Sindidawauze a Felista, ndipo chifukwa chake ndinene poyera. Zithunzi zomwe ankanditumizira mwadala zinkakhala za Tadala atasambitsidwa, atadzozedwa mafuta mpaka kuwala, ataimitsidwa njo ngati msilikali. Zolowa mozembazi ndiye zidali za mwana wanga weniweni: akukangana ndi mbuzi, atavala nsapato za akulu, akulira chifukwa chometedwa. Ndinkaopa kuti akadziwa ayamba kumusambitsa kaye. Ndinkangotumiza ya bandulo mosanyinyirika, iwo akamadandaula kuti foni ikudya bandulo ngati chiswe.

Inenso kunama ndinkanama. Zomwe ndinkatumiza kumudzi zinkakhala zoti ndatsamira galimoto ya abwana, kapena ndaima m'munda wa maluwa wa eni ake nditavala jekete yobwereka. Zenizeni zinkatsala m'foni. Kalilole ndidalibe, ndiye m'mawa uliwonse ndinkadzijambula kuti ndione ngati duku lakhala bwino, maso ali otupa. Denga litadontha ndidajambula kanema woti ndikaonetse mwini nyumba, madzi akugwera m'ndowa yabuluu pafupi ndi bedi, ine ndikutukwana chamumtima koma mawu n'kumatuluka. Ayironi itandiwotcha padzanja ndidajambula bala lija kuti abwana akhulupirire. Zonsezo ndinkati n'zanga ndekha. Sindidaganizepo kawiri.

Lero ndikamaswa mtedza pakhonde pano ndimadzifunsa kuti nzeru ndidaziika kuti. A Kamwendo adanena mosabisa kuti mbale ndi imodzi. Koma munthu wanjala amangoona chomwe akutapa iyeyo.

M'chaka chachitatu zithunzi zidasiya kubwera. Sabata yathunthu, zii. Pamwamba pa foni padali mawu ofiira a Chingerezi. Ndidapita nayo kwa a Juma, bambo wa ku Mangochi yemwe ankakonza mafoni m'kontena pafupi ndi pokwerera mateksi. Adandifotokozera modekha. Zithunzi, adati, sizikhala m'foni mokha, zimakwera kukasungidwa kunkhokwe ya pa intaneti yomwe amati klaudi, ndipo kuchokera kumeneko zimatsikira m'foni iliyonse ya imelo imeneyo. "Nkhokwe yanu yadzadza, chemwali. Zatsopano zilibe polowa. Mugule malo ena ndi khadi la kubanki, apo ayi mufufute zina."

Khadi la kubanki munthu wopanda mapepala alitenga kuti? Kufufuta ndiye sikudandivute. Nkhope yanga yotopa ija angaifune ndani? Ndidafufuta maduku onse, ndowa, bala, zonse. Mawa lake ndikufika kuntchito, Tadala uyo, akuseka, dzino lakutsogolo litaguluka. Tsiku limenelo ndidasita zovala ndikuimba.

Patapita masabata awiri mawu ofiira aja adabweranso. Kutsegula, nkhope zanga zonse zabwerera, iliyonse pamalo pake. Ndidayamba kuganiza za ufiti, ine Mkatolika woimba kwaya. Ndidafufutanso. Zidabwereranso. Kachitatu chimodzimodzi. Ndipo nthawi iliyonse zikabwerera, za Tadala zinkaima. Ndidayamba kudana ndi nkhope yanga yomwe, kuti ikunditsekera mwana pakhomo. A Juma adakanda mutu. Adati zofufutidwa zimayamba zakhala m'bini kwa masiku angapo, ndipo mwina foniyo ikuzitolanso yokha. "Khuthulani bini. Koma mukakhuthula, zapita, ngakhale ine sindingazibweze. Mwatsimikiza?"

"Ndatsimikiza," ndidatero. Ndidadina ndekha.

Malo adapezeka ambiri. Zithunzi zidayambanso kubwera: nazale ya fodya, tsamba la buku la nyimbo, mbuzi yotupa mwendo, chimanga chikumera. Tadala ayi. Mwezi udatha, wina udatha. Ndikaimba, a Felista ankati, "Ali bwino, wapita kukasewera." Ndikati mumuitane, wapita kumjigo. Ndikati mumujambule, foni ilibe moto. Ndidayamba kuganiza zoipa: mwina wadwala, mwina wapsa ndi moto akundibisira. Chakudya chidasiya kulowa. Ndidabwereranso kwa a Juma kuti aone ngati pali chomwe chatsekeka. Adafufuza paliponse n'kundibwezera foni. "Makinawa ali bwinobwino, chemwali. Amene sakujambula ndi anthu."

Abwana atanena kuti akusamukira kwa mwana wawo kunja, anzanga adandipezera nyumba ina yogwirako. Ndidakana. Ndidati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mwana yemwe sindikumuona ndingamutche bwanji wanga? Ndidalongedza zikwama ziwiri n'kukwera basi.

Ndidatsika pa Mponela nyengo yokumba mtedza. Wa njinga yamoto adandimangirira katundu, ndipo njira yonse ya kwa Dzoole ndinkayang'ana mapiri a ku Ntchisi kutaliko, ali phee monga ndidawasiyira. Pakhomo ndidapeza malata anga akuwala. Tadala adatuluka, wamtali, wathanzi, wopanda chilema chilichonse. Ndidayamika Mulungu. Koma adagwada patali n'kundipatsa moni ngati mlendo wa kumpingo. A Felista ndi amene mwanayo ankawatcha amayi. Ine ndidali "amayi aku Joni". Nsapato zomwe ndidamugulira adalandira ndi manja awiri, adathokoza, n'kukaziika m'nyumba. Nditatulutsa foni kuti ndimujambule adatembenuka n'kupita kuseri kwa khola.

Mawa lake tili awiri pamulu wa mtedza ndidawafunsa akulu anga. "Mwanayu ndidamulakwira chiyani? Kapena mwamuuza zotani za ine?"

Adathothola kaye mtedza wina asadayankhe. "Ife sitidamuuze kanthu. Iweyo ndi amene unkamuuza, m'mawa uliwonse, ndi duku lako lija."

Ndidafunsa kuti duku langalo adaliona kuti.

"Unkayesa mbale ija unkadya wekha?" adatero. "Zonse tinkaziona, Rita. Ndowa, bala, maso otupa. Galimoto ya abwana ako mwanayu sankayiyang'ana n'komwe. Akadzuka ankati, tione ngati amayi adzuka. Ndinkakwera naye pachulu paja pogwira netiweki, aone duku la tsiku limenelo, ndiye adye phala. Kanema wa denga uja adamuloweza, ndi kutukwana kwako komwe."

Manyazi adandigwira mpaka m'makutu. Ndidafunsa chifukwa chake sadandiuze.

"Kuti uyambe kutitumizira maluwa okhaokha? Nanga iwe udatiuza kuti ukutiona?"

Adafotokoza zotsalazo mosakweza mawu. Tsiku lomwe ndidafufuta koyamba, zidafufutikanso kwawo. Tadala adalira mpaka kusanza. A Felista adapalasa njinga mpaka ku Mponela, ndipo a Kamwendo adazipeza m'bini n'kuzibweza. Bambowo adawachenjeza a Felista kuti akazibweza nkhokwe idzadzanso ndipo za kumudzi sizindifika. "Ndidadziwa," adatero akulu anga. "Koma wina akulira pano, wina akulira ku Joni. Ndidasankha amene ndinkamumva." Katatu konse adapalasa njinga imeneyo. Kachinayi adamutenga Tadala pakaliyala, poti adaumirira. A Kamwendo adatsegula bini n'kupeza mbee. Adanena mwana ali pomwepo kuti izi sizidachoke zokha, mwini wake wakhuthula dala. Pobwerera mwanayo sadalire. Adangoti, ngati amayi aku Joni safuna kuti ndiziwaona, nawonso asandione.

Zaka zinayi ndinkadziona ngati munthu wotayika yemwe akusuzumira kwawo pazenera, osadziwa kuti tsiku lililonse anthu ankakwera pachulu kukaona ngati ndadzuka. Ndipo ndidatseka zenera limenelo ndi chala changa, ndikuyesa ndikulitsegula.

Tadala adali ataima pakona pa nyumba, sindikudziwa kuyambira liti. Adabwera pang'onopang'ono n'kukhala pambali panga, osandiyang'ana kumaso. Adatenga dzanja langa lamanja, adalitembenuza, adapukuta dothi ndi chala chake mpaka chipsera cha ayironi chidaoneka. Adachiyang'ana nthawi yaitali.

"Chidapola," adatero.

"Chidapola, mwanawe."

"Ndowa yabuluu ija mwaisiya?"

"Ndidaisiya. Denga likudonthabe, wina aigwiritsa ntchito."

Kenako adafunsa chomwe ndinkachiopa. "Mudafufutiranji?"

"Malo adatha. Ndinkafuna malo oti iwe ulowemo."

"Inenso ndinkafuna," adatero, ndipo adadzuka n'kupita kukamasula mbuzi.

Patha miyezi isanu chibwerereni. A Kamwendo adatipatula, aliyense ali ndi imelo yake tsopano, ndipo zithunzi za Tadala zomwe zidatsala adatikopera pa kamemore kadi komwe ndimasunga m'buku la mapemphero. Za ine za zaka zinayi zija palibe ngakhale chimodzi, kupatula zotsamira galimoto ya eni ake. Mwanayo amanditchabe amayi aku Joni, ndipo mpaka lero sadalole kuti ndimujambule. Sindimukakamiza. Koma m'mawa ndikamamanga duku amaima pakhomo n'kumandiyang'ana, ndipo likapendekeka amandiuza.