Kapinga wa a Gerevazio

A Gerevazio Zikhalo anabwerera kwawo ku Kasina chaka chimene anthu anavota koyamba pa zipani zambiri. Anali atatha unyamata wawo wonse akusamala maluwa a mzungu wina ku Harare. Anali mtchona weniweni: amayi awo anaikidwa iwo kulibe, ndipo kalata sankalemba. Mzunguyo pogulitsa nyumba anawagwira chanza, n'kuwapatsa jekete yakutha ndi chitini cha mbewu ya kapinga. Mphamvu zonse za munthu kuzilipira ndi njere za udzu! Koma iwo chitinicho anachifungatira ulendo wonse ngati khanda.

Mlongo wawo, mayi Falesi, anawapatsa kanyumba kakumapeto kwa mudzi. Ana a mayi Falesi, amuna a ndevu zawo, sankafuna n'kuwaona komwe. Malume wanji amene sanaguleko ngakhale kope la mwana wa sukulu?

Mvula itayamba, a Gerevazio anagaula pabwalo pa kanyumbako. Anaphwanya zibuma, kuthira manyowa owolerana, kusalaza ndi thabwa. Mbewuyo inali yaing'ono kuposa mawere, choncho anaisakaniza ndi mchenga kuti imwazike mofanana. Anaifesa yonse, osasiyako, n'kuphimba ndi masaka onyowa. Anthu ankadziwa nazale ya fodya ndi ya kabichi. Ya udzu anali asanaionepo.

"Achimwene," anatero mayi Falesi, "anzanu tikulimbana ndi udzu kumunda, inu mukuudzala pakhomo? Pakhomo pomera udzu ndi pabwinja. Mukuitana njoka."

"Ukamera mudzaona, mlongo wanga. Mudzavula nokha nsapato kuti mupondepo."

"Nsapato zake ziti? Munanditumizira?"

Nkhuku za mudzi wonse zinamva za phwandolo. A Gerevazio ankakhala pakhonde tsiku lonse ndi mulu wa miyala, ndipo tsiku lina anathyola mwendo tambala wa Dennis, mwana wamkulu wa mlongo wawo. Mwini wake atabwera kudzafunsa, iwo anamulalatira m'Chingerezi.

Dennis sanakweze mawu. "Amalume, kuno si kwa azungu anu. Mukadzanyozanso munthu pamudzi pano chifukwa cha maudzu anuwa, katundu wanu tidzakunyamulirani tokha mpaka pamsewu."

A Gerevazio anayang'ana mlongo wawo. Mayi Falesi anali kuyang'ana tambalayo. Pamenepo anadziwa kuti mawuwo ndi a banja lonse. Nanga akanalowera kuti? Ku Harare nyumba ija inali ya eni ena, mkazi analibe, mwana analibe.

Kapinga anamera. A Gerevazio atachotsa masaka anapeza timasingano tobiriwira titatuluka bwalo lonse, tofewa ngati ubweya wa mwanapiye. Ankalawira m'chifunga kukazula namsongole ndi zala, atagwada pa dothi lozizira. Chifunga cha ku Dedza sichiseka ndi nkhalamba. Chibayo chinawagwira, ndipo anawatengera ku chipatala cha ku Boma.

Lachisanu lina kunabwera mayi Anjelina, mtsogoleri wa amayi a mumphakati wa tchalitchi chawo, atanyamula phala m'kabotolo.

"Za pakhomo musade nkhawa, bambo Zikhalo. Amayi tapangana. Mawa m'mawa tikakukonzerani, kuti potuluka muno mukapeze poyera."

Thupi linali litatentha, mutu ukulemera. A Gerevazio anangogwedeza mutu. Mayiwo atapita kale ndi pamene mawu aja anawalowa. Poyera! Kwa amayi a kumudzi, pakhomo pa wodwala pamayera ndi khasu ndi tsache.

Kutacha anavala jekete yawo n'kuzemba anamwino asanayambe kugawa mankhwala. Minibasi inachedwa kudzaza. Itanyamuka inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, kukweza matumba a mbatata, kutsitsa mbuzi. Atatsika pa Linthipe anapeza wanjinga amene anawafikitsa theka la njira, tcheni n'kuduka. Kotsalako anayenda wapansi. M'chifuwa munkabaya ngati muli msomali. Ankaima, kugwira mtengo, kupuma, n'kuyambanso, uku akudziuza kuti amayi sayamba ntchito asanaphikire ana.

Nyimbo anaimva asanaone denga la kanyumba kawo.

Pabwalo panali mbee. Dothi lofiira linali losesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka ngati nthenga za nkhanga. Kapinga yense anali mulu kudzala, atayamba kale kufota. Amayiwo anaima ndi makasu awo, thukuta lili kamukamu, nkhope zikuwala.

"Ee, atuluka! Taonani, bambo!" anafuula mayi Anjelina. "Udzu unachita kufika pakhonde, ife mpaka manyazi. Tapala ndi mizu yomwe. Sumeranso umenewu!"

Mayi Falesi anali pakati pawo, tsache lili m'manja, maso ali pansi. Iwo ankadziwa bwino lomwe kuti udzuwo unali wodzala, ndipo sanaletse. Dennis anali atatsamira mtengo wa pichesi, manja atapinda pachifuwa.

Mawu anakwera kukhosi kwa a Gerevazio, mawu oipa onse amene mzungu uja ankawatukwana nawo. Nyimbo inatha.

"Amalume," anatero Dennis pang'onopang'ono, "amayiwa asiya minda yawo chifukwa cha inu. Simunenapo kanthu?"

A Gerevazio anavula chipewa n'kuchipana kukhwapa. Anawerama, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo, amayi. Mwagwira ntchito. Ambuye akudalitseni."

Nthungululu zinalira. Anawakhazika pampando, n'kuwapempherera kuti achire msanga.

Sanathamangitsidwe. Anakhala m'kanyumbako mpaka tsiku lawo litakwana, ndipo Dennis yemweyo ndi amene ankawafolerera denga. Lero a pamudzipo amawakumbukira ngati nkhalamba yofatsa, yodziwa kuyamika. Limenelo ndi bodza. Munthuyo anangotseka pakamwa kuti asasowe pogona.