Wogawa Nyali Amene Anabwerera Kufumbi

Pitala, amene wangobwera kumene kuchokera ku Joni ndipo akuona tauni ya migodi ya Wanki ngati khola, sachoka pakhonde la madala ogawa nyali kumgodi. Akuluwa sathamanga, sakweza mawu, ndipo malaya awo oyera amachapa okha, ngakhale fumbi la malasha limawadetsa asanaume.

Chaka chatha madalawa anakwera sitima kupita kwawo ku Nyasalande ndi anzawo awiri amene anabwera nawo wapansi ali anyamata, kukaona malo oti akapumireko ukalamba. Anzawowo anatsala komweko, koma iwo anabwerera ku komboni ya Madumabisa ku Wanki.

"Munabwereranji kufumbi kuno, madala?" anafunsa Pitala, sutikesi yake atamanga kale kuti abwerere ku Joni.

"Anatilandira bwino, mwanawe. Nkhuku, mpando, madzi osamba ofunda. Koma mwezi wonse palibe anandituma kapena kundikalipira. Ndinali mlendo. Nditangotsika sitima kuno, Mayi Tekila apafupiwa anandikalipira kuti nkhuku zanga zawathera mpiru. Mtima wanga unakhala pansi."

Kuseri kwa mpanda mayi aja anaitana: "Iwe Pitala, ukungokhala? Kanditengere malasha."

Madala anangomuyang'ana. Pitala anavula jekete la ku Joni, nanyamula ndowa.