Chala cha a Hutala

Mayi Zipi anasoka zovala kwa zaka makumi atatu ndi zinayi m'kachipinda kamodzi komweko, pakati pa wometa tsitsi ndi sitolo ya utoto. Munali makina awiri, a magetsi ndi opalasa ndi phazi odikirira tsiku loti magetsi azime, simbi, tebulo lalitali lodulirapo nsalu, ndi chitini cha mabisiketi chodzaza mabatani. Kuseri kwa chitseko cham'kati kunali zipinda ziwiri zomwe ankakhalamo ndi amuna awo.

Dzina la Zipi anawapatsa ndi amuna awowo. Ankati mkazi wawo akatseka pakamwa, ukoke bwanji sipatseguka. Eni akewo anthu ankawatchula a Hutala, chifukwa pa zaka zonse zomwe anayendetsa basi ankaimbira hutala chilichonse, ngakhale nkhuku yomwe yawoloka kale msewu. Awiriwa anadziwana chifukwa cha thalauza la yunifolomu long'ambika m'thumba. Mnyamata wa nthawiyo analankhula ola lathunthu ataima pakhomo, mtsikana wake n'kungoyankha kuti abwere Lachinayi. Anabwera Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi lomwe, ndipo thalauzalo analiiwala maulendo onse atatu.

Masewero a makadi otchedwa poka a Hutala anawatola kudepoti, komwe madalaivala ankataya nawo nthawi podikira ulendo. Atabwera nawo kunyumba, mayi Zipi ananena mawu amodzi okha, oti njuga ya ndalama pakhomo pawo ayi. Ndiye anatsegula chitini chija. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse ikakwana 2 koloko masana, ankapinda nsalu za eni ake, kusesa tizidutswa ta ulusi patebulo, n'kugawira aliyense mabatani makumi anayi. Wometa tsitsi ankatseka kwake n'kubwera ndi mpando wake. Mwana wawo wamkazi, amene anakulira pansi pa tebulo lomwelo akutola mapini, atakula anakhala wachinayi.

Masewerowo ndi osavuta kuwamva. Aliyense amalandira makadi asanu, amasintha omwe sakumusangalatsa, kenako amaponya mabatani pakati. Mnzako akaponya, iwe umasankha kutsatira ndi mabatani ofanana, kuwonjezera, kapena kugoneka makadi ako n'kutuluka. Otsala amaonetsana makadi, ndipo wa makadi amphamvu amakokera mulu wonse kwake. Koma anzako onse akachita mantha n'kugoneka, umatenga mulu ngakhale m'manja mwako muli zinyalala zokhazokha.

Apa m'pamene a Hutala ankadyera. Ankasewera momwe ankayendetsera basi. Makadi asanawaone bwino n'komwe anali atawonjezera kale, mawu ali pamwamba, chigongono chili pa tepi ya mkazi wawo. Wometa tsitsi, munthu wofatsa amene ankapepesa ngakhale kwa mutu womwe akuumeta, ankagoneka makadi abwinobwino chifukwa cha phokoso lokha. Tsiku lina akatopa ankafuna kubwezera, n'kuyamba kuwonjezera naye mwaukali, ndipo tsiku lotero ankapita kwawo msanga alibe ndi batani limodzi lomwe.

Mayi Zipi okha ndi amene sankatekeseka, ndipo nzeru zawo anamuphunzitsa mwana wawo pang'onopang'ono, uku akusoka mipendero. Choyamba chinali mpando. Munthu waphuma umakhala kumanzere kwake, kuti iye aziyamba kulankhula, iwe uziyankha utamva kale zomwe wachita. Makadi akakhala ofooka, goneka msanga, usachite manyazi, timilu ting'onoting'ono musiye atenge azisangalala. Akakhala amphamvu, usamuthamangitse ndi kuwonjezera. Uzingotsatira ngati munthu wokakamizidwa, iye aziunjika yekha mabatani omwe akhale ako. Ankatinso nthawi zina uzimutsatira ngakhale ndi makadi apakatikati, poti munthu wokuwa ulendo uliwonse sangakhale ndi mafumu ulendo uliwonse. Ndipo chachikulu, usapse mtima. Ukapsa mtima wayamba kusewera masewero ake, ndipo masewero akewo amawadziwa kuposa iwe.

Mwanayo anazigwira zonsezi, koma sanafikepo pa mayi ake. Panali chinthu chimodzi chomwe mayi Zipi sanauzepo munthu. A Hutala akakhala kuti alibe kanthu m'manja n'kumangoopseza, chala chawo chachikulu cha kudzanja lamanja chinkadina m'mphepete mwa tebulo, kawiri, ngati pali hutala. Eni ake sankadziwa. Mayi Zipi anachiona chaka choyamba chenichenicho, ndipo anachisunga zaka zonsezo ngati mmene ankasungira sizasi yawo yabwino, yomwe sinkabwerekedwa. A Hutala ankati mkazi wawo ndi mfiti. Ankanyamuka patebulo akulumbira kuti sadzaseweranso, koma Lachisanu madzulo ndi iwo omwe ankafunsa ngati makadi ali pamalo pake.

Sitiroko inawagwira a Hutala m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato. Anagona m'chipatala milungu itatu, n'kutuluka lilime lili lolemera, mwendo wamanja ukukokedwa, dzanja lamanja lili lende ngati mkono wa malaya opachikidwa. Adokotala a mafizo anawapatsa kampira koti azifinya tsiku lililonse, n'kunena kuti dzanjalo likhoza kudzuka, koma mwini wake akalifuna.

Poyamba ankalifuna ndithu. Loweruka lachiwiri chitulukireni anaitanitsa makadi. Mayi Zipi anatenga bulashi yochotsera ulusi pa masuti, n'kuigoneka chagada kuti makadi aziima m'tsitsi lake, popeza dzanja limodzi silingagwire makadi n'kuponyanso mabatani. Dzanja lodwalalo mwana wawo analiika bwinobwino patebulo. A Hutala anawonjezera ndi lamanzere, mawu akutuluka okhota koma ukali wake uli womwe uja. Wometa anagoneka. Mwana anagoneka. Mayi Zipi nawonso anagoneka.

Zinayenda choncho masana onse, ndi Loweruka lotsatira lomwe. Palibe amene anapangana ndi mnzake, chinali chisoni chabe, ndipo chisoni nthawi zina chimapusitsa anthu anzeru. Mabatani onse ankathera kwa wodwala, anthu n'kumamuyamikira ngati mwana amene wayamba kuyenda. Anaiwala kuti munthuyu wakhala zaka makumi atatu akugonja kwa mkazi wake, ndipo amadziwa bwino kakomedwe ka kupambana kwenikweni chifukwa sikunkabwera kawirikawiri.

Loweruka lachitatu la masewerowo, mayi Zipi atagoneka makadi awo, a Hutala anatambasula dzanja lamanzere n'kuwatembenuza. Panali mafumu atatu. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakankha mabatani awo onse kuwabwezera pakati.

"Ndafa kale eti, mayi?" anafunsa.

Anatenga ndodo yawo n'kudzikoka kulowa kuchipinda, ndipo sanafune kuti wina awagwire mkono.

Kuchokera tsiku limenelo kampira kaja kanagwera kuseri kwa bedi ndipo anakaniza kukatola. Tsiku la mafizo ankati mutu ukuwawa. Ankakhala pawindo la kuseri kuyang'ana khoma la sitolo ya utoto, munthu amene kale ankapatsa moni msewu wonse. Mayi Zipi anawapepesa, a Hutala n'kungoti palibe chomwe alakwa, ndipo kuyankha kofatsako kunawapweteka mayiwo kuposa kutukwanidwa. Anachita mantha enieni. Anasoka kolala ya malaya a mwini wake chadodolido, chinthu chomwe sanachitepo chiyambireni ntchito. Moyo wawo wonse ankadziwa chochita ndi mwamuna waphokoso, chomwe chinali kudikira. Mwamuna wachete sankadziwa kuti amutani, ndipo ankaona kuti akadikira, dzanja lija liumiratu mwini wake akuyang'ana khoma.

Patadutsa masabata atatu mayi Zipi anaitana wometa ndi mwana wawo kuti abwere Loweruka monga kale. Anatsegula chitseko cham'kati n'kuchiika njerwa kuti chisatsekeke. Kenako anachita chinthu chomwe chinawasiya awiriwo kukamwa kuli yasa. Anakhala pampando wa amuna awo.

Anasewera ngati a Hutala, koma moipa kwambiri. Ankawonjezera pa makadi alionse, akulengeza mokweza ndi mawu awo opyapyala osazolowera kukuwa. Akaopseza, wometa ankawatsatira mwamanyazi n'kuwadyera. Akaopsezanso, mwana ankawadyera. Ulendo uliwonse ankanena mofuula makadi omwe anali nawo, kuti kuchipinda kumveke kupusa kwake konse. Mabatani awo ankatha ngati madzi m'ndowa yobooka, ndipo khutu lawo lonse linali kuchitseko.

Panapita pafupifupi ola. Kenako kunamveka ndodo, go, go, ndi phazi lokokedwa pasimenti.

"Munthu saopseza anthu awiri nthawi imodzi ali ndi zinyalala zotero," anatero a Hutala ali pakhomo. "Mukundinyozetsera mpando. Chokanipo."

Mayi Zipi anachoka n'kukakhala pamalo pawo, kumanzere. Pogawa mabatani anawauza amuna awo, maso ali pachitini, kuti lero asayembekezere chifundo, awadyera mpaka batani lomaliza. A Hutala anangoti aona.

Anasewera mosamala poyamba, akuyang'ana nkhope za anthu ngati akufufuza wakuba. Mayi Zipi anawasiyira timilu tiwiri ting'onoting'ono chifukwa makadi awo analidi oipa, ndipo anawagoneka chagada kuti aliyense aone. Mulu wachitatu anautenga ndi mafumukazi awiri, osamwetulira n'komwe. A Hutala anang'ung'udza, n'kukhala tsonga pampando.

Ulendo wotsatira anawonjezera asanasinthe makadi, atasintha anawonjezeranso, ndipo wometa ndi mwana atatuluka, anakankha mabatani awo onse ndi dzanja lamanzere mpaka ena anagubudukira pansi. Mayi Zipi anali ndi maseveni awiri basi, makadi oti sangaopse munthu. Mwana wawo anawaponda phazi pansi pa tebulo, kuwapempha kuti awasiyire abambo ake kamodzi kokha. Iwo sanamuyang'ane. Kugoneka kukanakhala koyenera ndithu ndi makadi otero, ndipo anali atatsala pang'ono kutero. Koma maso awo, mwa chizolowezi cha zaka zonse zija, anapita okha pomwe ankapita nthawi zonse.

Dzanja lodwala linali gone pambali pa bulashi. Chala chachikulu chinanjenjemera, n'kudina m'mphepete mwa tebulo. Chinapuma, n'kudinanso, mofooka kwambiri moti munthu wina sakanaona.

"Ndatsatira," anatero mayi Zipi.

A Hutala analibe kanthu, ngakhale makadi awiri ofanana. Ataona maseveni aja anamenya tebulo mpaka sizasi inadumpha. Anati mfiti ija yabwerera, anati munthu wamanyazi sangatsatire ndi maseveni, anatchula zaka zonse zomwe akhala akuberedwa m'nyumba yawo yomwe. Mawu ankatuluka okhotakhota, malovu akuthawa kumbali kwa mlomo, koma linali phokoso lomwe chipindacho chinalisowa miyezi iwiri. Wometa ankaseka akupukuta m'maso ndi thaulo lake la ntchito.

Mayi Zipi sanakokere mulu kwawo. Misozi inkangotsika, kugwera pa tepi yomwe inali m'khosi mwawo. Amuna awo atazindikira anasiya kukalipa.

"Nanga mukuliranji, poti mwandidyera?"

Mayiwo anadziwa kuti akanena, chida chawo chathera pomwepo, sadzachigwiritsanso ntchito. Sanaganize nthawi yaitali.

"Chala chanu, bambo. Mukamanama chimadina tebulo kawiri. Chadina."

A Hutala anayang'ana dzanja lawo ngati la mlendo. Anayesa kuchigwedeza chalacho, chinakana. Anayesanso, nkhope yonse itakwinyika, ndipo chinasuntha pang'ono, mwina ngati kukula kwa mutu wa pini. Mwana wawo anagwira pakamwa.

"Zaka zonsezi?" anafunsa a Hutala chapansipansi.

"Chiyambire chaka chomwe munabwera ndi makadi."

A Hutala anapumira m'mwamba. Kenako anamuuza mwana wawo kuti akasuzumire kuseri kwa bedi, kuli kampira kawo kumeneko, chala chakuba ngati chimenechi chikufunika mwini wake achilamulire. Mwanayo atanyamuka, a Hutala anatenga dzanja lamanzere n'kuphimba lamanja lija bwinobwino kuti mkazi wawo asalione, ndipo anawauza kuti apukute m'maso agawe makadi, dzuwa likadalipo.