Anayimba Atatseka Pakamwa

Ndikukumbukira kuti tsikulo kunali chiperoni. Nkhungu inatsika m'phiri kuyambira m'mawa, mphepo ikulira m'mitengo ya paini kuseri kwa mudzi wathu, kumtunda kwa Linthipe. Kutali kunkamveka makasu a adzukulu akukumba manda. Pakhomo pathu pankangomveka kutsokomola kwa anthu okhala pamphasa. Nyimbo panalibe.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. M'nyumba munagona mlongo wanga Rozina, mwana wa zaka zitatu, amene chikuku chinatilanda.

Amayi anga, aNambewe, ndiwo ankayambitsa nyimbo pamaliro onse a m'dera lathu. Kaya kugwe mvula, kaya kumunda kukhale tchire, iwo ankamanga chitenje n'kupita. Ankati munthu wobatizidwa sapita kwa Mulungu mwakachetechete ngati mbuzi yobedwa.

Koma chaka chimenecho bambo anali kundende. Ananena kuchigayo kuti khadi lachipani silikhutitsa mwana, wina anakawanenera, galimoto n'kubwera. Kuyambira pamenepo nyumba yathu inatchedwa ya chigawenga, ndipo ngakhale odzapala moto anasiya kufika.

Pamaliropo anthu anabwera ndithu. Anabweranso atcheyamani achipani, nakhala pampando pansi pa mtengo wa pichesi, anyamata awiri a malaya ofiira ataima kumbuyo kwawo. Anali atalamula kale kuti kuika tiike, koma zoyimbira banja la chigawenga ayi.

Bokosi litatuluka, amayi anagwada pamaso pa akatekisiti.

"Aphunzitsi, yambitsani nyimbo. Mwana akunyamuka."

"Mayi, tipemphere chamumtima. Mulungu amamva ndithu."

"Chamumtima? Pamaliro a akazi anu ndinayimba mpaka mawu kusasa. Munandiuza kuti ndiyimbe chamumtima?"

Akatekisiti anayang'ana pansi. Amayi anatembenukira kwa aNaphiri, mnzawo wa m'kwaya, amene ankadya naye mbale imodzi.

"Nanga inu anzanga?"

"Pakhosi pakundiwawa, ndi chisanuchi," anatero aNaphiri.

Kwathu namfedwa sayimba. Ntchito yake ndi kulira, ena ndiwo amamuyimbira. Nanga abale m'mpingo n'ngachiyani? Koma amayi anadzuka, anamanganso chitenje m'chiuno, nayambitsa okha nyimbo ija ya mbusa wonyamula kankhosa kupita nako kwawo. Atafika poti anthu avomereze, panali zii. Anayambanso. Panalinso zii. Anthu omwe amayi anawayimbira makolo awo, ana awo, anangoti maso pansi ngati akuwerenga nyerere.

Atayambanso, ndinamva kulira ngati kwa njuchi mumng'oma. Kunayambira kwa amayi okhala kumbuyo, n'kufalikira mpaka kwa abambo. Anthu ankavomereza nyimbo m'mphuno, milomo ili chitsekere.

Atcheyamani anadzuka, nayenda pakati pa anthu akuyang'ana pakamwa pa aliyense.

"Akuyimba ndani?"

"Ndi mphepo imeneyo, atcheyamani," anayankha mkulu wina. "Kwathu kuno imatero."

Ana sitinkapita kumanda. Ndinatsala pakhonde, ndikumvera mawu a amayi akulowa m'nkhungu, kung'ung'udza kuja kukuwatsata pambuyo.

Pambuyo pake anthu ankasimba nkhaniyi akuseka, kudzitama kuti anawapusitsa atcheyamani. Ine ndikamva, mtima unkawira. Kupusitsa kwanji? Anasiya mayi wofedwa atasenza yekha mawu a nyimbo, dzina la Ambuye likutuluka pakamwa pamodzi pokha pakati pa mpingo wonse. Akanamangidwa munthu, akanamangidwa amayi okha. Lamlungu lotsatira anthu omwewo anayasamula kukamwa m'tchalitchi, aNaphiri pakhosi patapola, kuyimba za kulimba mtima kwa oyera. Ine ndinatha zaka zambiri ndikupita ku Misa osayimba nawo. Bambo anabwerako ali wofooka, ndipo sanafunse n'komwe kuti pamaliro panali ndani.

Nditakalamba, mkazi wanga anandisiya. Bokosi lake likutuluka, ndinayesa kutsegula pakamwa kuti ndiyimbe nawo. Sipanatuluke kanthu. Chimene chinandifikitsa kumanda ndi mawu a anthu amene anali kumbuyo kwanga. Pamenepo ndinadziwa kukula kwa katundu amene amayi anasenzetsedwa, ndipo mkwiyo unabweranso ngati wa dzulo. Koma ndinadziwanso kuti pakanapanda kung'ung'udza kuja, amayi akanagwa panjira.

Mpaka lero ndimati anachita zolakwa. Mantha anawatseka pakamwa pa tsiku limene Rozina ankafunika mawu awo. Koma nyimbo inali itakhazikika kale m'kati mwawo, ndipo inakana kukhala chete ngakhale eni ake ankafuna kutero. Ambiri a iwo anagona tsopano, ndipo pamaliro a aNaphiri ndinayimba ndi mawu anga onse.

Ndinawakhululukira.