Mphindi Zitatu ku Khonsolo

Chaka chimene mwana wanga wamkazi anakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, tinkakhala ku Bilston, kudziko la Angerezi, m'nyumba ya lendi yoyang'ana kumsewu waukulu. Sukulu yake inali tsidya lina. Ndikaima pawindo la chipinda cham'mwamba geti lake ndinkaliona, pafupi kwambiri, koma pakati pankadutsa mabasi, malole ndi magalimoto a anthu ochedwa kuntchito. Bambo ake anali nesi, ankatuluka m'mamawa kukakwera basi ya kuchipatala. Ine ndinkakolopa kunyumba yosungirako okalamba, ndipo basi yanga inkanyamuka sukulu isanatsegule. Mwana ndinkamusiya kwa aneba athu, mayi wachizungu wokalamba woyendera chogwirira cha mawilo, amene sakanatha kutsika ngakhale masitepe awiri a pakhomo pawo. Nthawi ikakwana ankangomutsegulira chitseko n'kumamuyang'ana mpaka atafika pamsewu.

Pamsewupo pankaima mayi wolembedwa ntchito ndi khonsolo kuti aziwolotsa ana. Ankavala jekete lachikasu lofika m'mawondo, ndipo ankanyamula chikwangwani chozungulira cha pandodo, chooneka ngati suwiti ya pakamtengo, n'chifukwa chake aliyense ankawatcha mayi a lolipopu. Iwo akalowa pakati pa msewu n'kukweza ndodo ija, ngakhale lole yaikulu bwanji inkaima.

Pa masiku a sukulu, Lachiwiri lokha ndi limene ndinkakhala panyumba, chifukwa ndinkagwira Loweruka. Koma ngakhale tsikulo sindinkamuperekeza mwana, anali atayamba kukana, akuti anzake amuseka. Ndiye ndinkakhala pawindo, katani ili m'manja, mtima uli m'mwamba, mpaka kajuzi kake kofiira katalowa pageti. Ndinauphunzira msewu umenewo ngati mmene munthu umaphunzirira galu wa aneba amene analumapo munthu.

Masana ena ndikutsika basi, mayi a lolipopu anandikodola. Analankhula pang'onopang'ono, ankadziwa kuti Chingerezi changa n'chopereŵera. Anati khonsolo ikufuna kuchepetsa ndalama zimene imawononga, ndipo malo ena sadzakhalanso ndi wowolotsa ana, athu ali pamndandanda womwewo. Anthu anabwera kudzawerenga magalimoto ndi ana, n'kupeza kuti ana owoloka ndi ochepa. Komiti ikhala pansi kuti igamule. Iwo saloledwa kukalankhula poti ndi antchito a khonsolo yomweyo, koma munthu aliyense wokhala m'deralo akhoza, bola alembetse dzina, amapatsidwa mphindi zitatu. Makolo ena anali atasaina pepala, koma msonkhano unali Lachiwiri teni koloko m'mawa, onse ali kuntchito. Atatero anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkayang'ana nsapato zawo.

Ndinene zoona, masiku amenewo ndinkaopa chilichonse chokhala ndi chidindo. Mapepala anga okhalira m'dziko muno anali omangirira pa ntchito ya bambo a mwana. Sukulu ndinalekezera sitandade seveni. Envelopu yabulauni ikagwa pachitseko ndinkaitola ndi zala ziwiri n'kuiika pamwamba pa furiji, osatsegula. Koma nkhaniyi inalibe kothawira: mayi aja akachoka, ndiye kuti mwana aziwoloka yekha, apo ayi ine ndisiye ntchito, ndipo tinkadziwa tonse kuti kusiya ntchito sikukanatheka.

Bambo ake anaseka nditawauza kuti ndikuopa kuti akandifunsa za mapepala. "Amake mwana, kumeneko si kukhoti. Ndi anthu ongokambirana za mabini a zinyalala ndi maenje a mumsewu." Anaimba foni n'kulembetsa dzina langa ndisanavomere n'komwe, kenaka anandilembera mfundo zitatu m'zilembo zikuluzikulu kuseri kwa pepala la mashifiti awo. Ndinkaziloweza m'khitchini ndikutsuka mbale, mwana atakhala pa tebulo akundikonza m'Chingerezi chake cha m'mphuno, mpaka ndinamuopseza ndi chipande.

Lamlungu, pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero, azimayi anaitenga nkhani ngati yawo. Mmodzi wa ku Lilongwe anandikokera pambali n'kundichenjeza kuti ndisayerekeze kunena kuti mwana amayenda yekha, a sosho, aboma oona za ana, adzabwera kudzamutenga, akuti zinachitikira wina ku Coventry. Mlongo wa ku Zambia anangoti, "Imwe, muyopa chani, munaba?" onse n'kufa nacho chiseko. Koma amayi a dikoni, a ku Zomba, omwe tonse tinkawamvera, anaika kapu pansi n'kunena kuti, "Mwanawe, pamaso pa akuluakulu munthu sayamba ndi dandaulo. Ulonjere kaye, uthokoze, nkhani ibwere pambuyo." Zimenezo ndinkazidziwa kale kuchokera kwathu. Zinandikhazika mtima pansi kuposa mfundo za papepala.

Lachiwiri lija ndinavala diresi la kutchalitchi, ndinafika ku khonsolo kukadali ola lathunthu. Mlonda anandilozera chipinda cham'mwamba. Munali matebulo oikidwa mokhota, majagi a madzi, ndi timaikolofoni tokhala ndi kanyali kofiira. Kutsogolo kwa khansala aliyense kunali kabolodi ka dzina lake. Pakati panakhala wapampando, bambo wa imvi wa magalasi a chingwe, ndipo pambali pawo mlembi, mayi woonda, ali ndi kawotchi ndi kabelu. Ife alendo tinali atatu pamipando ya kumbuyo: ine, bambo wina wodandaula za mtengo umene unkagwetsera masamba padenga lake, ndi wina amene anagona.

Ndinkayembekeza zokuwa, zomenya matebulo. Ayi ndithu. Anayamba ndi mchere wothira m'misewu nthawi yozizira kuti isaterere ndi madzi oundana, augule tsopano kapena adikire, nanga akausunga kuti poti denga la shedi likudontha. Kenaka za kampani yotchetcha udzu kumanda, ena akuti imasiya m'mphepete, ena akuti yotchipa ndi yomweyo. Kenaka lole ya mabini, agule yatsopano kapena azingobwereka. Khansala wina anatenga nthawi yaitali pa mabenchi awiri a kupaki, mnzake akumuseka kuti akufuna pokhala iye mwini akapuma ntchito. Ikatha nkhani, wapampando ankafunsa, manja ankakwera, mlembi ankalemba, basi. Ndalama zoti ine sindidzazionapo moyo wanga wonse zinkadutsa ngati akufunsana amene akufuna shuga mu tiyi. Ndinkayang'ana manja awo. Wina ankasenda suwiti pansi pa tebulo kuti pepala lisalire. Wina ankajambula timabokosi m'mphepete mwa mndandanda. Ndinkadzifunsa kuti mwa amenewa ndani ali ndi mwana wamng'ono.

Nkhani yathu itafika, anaimirira bambo wa kuofesi ya misewu n'kuwerenga lipoti mwaliwiro. Zambiri zinandidutsa, koma mayina a masiku ndimawadziwa, ndipo ndinamva dzina la msewu wathu, ndinamvanso Lachinayi, kawiri. Atakhala pansi, mlembi anaitana dzina langa, analitchula mopotoka koma linali langa, n'kundilozera kampando kokhala ndi maikolofoni.

Ndisanakhale ndinapinda mawondo pang'ono mwaulemu, monga timachitira kwathu. Pepala linali m'manja, lopindidwa kanayi. Ndinayang'ana wapampando, imvi zonse zija, ndipo pakamwa panga panakana kuyamba ndi mfundo yoyamba. Ndinawalonjera. Ndinafunsa ngati adzuka bwino, ndipo ndinadikira yankho, poti moni sumangoponya. Anadabwa, koma anati adzuka bwino, zikomo. Ndiye sizikanatheka kulonjera mmodzi n'kusiya enawo akuyang'ana. Ndinayamba kumanzere, kuwerenga timabolodi tija chilembo ndi chilembo, bambo uje, mayi uje, kunyumba kuli bwanji, wina n'kugwedeza mutu, wina n'kumwetulira, wina n'kuyang'ana mnzake. Nditamaliza ndinayamba kuthokoza. Ndinathokoza sukulu, kuti mwana wanga akuwerenga kuposa ine. Ndinathokoza magetsi a mumsewu, ndi mabini amene amatengedwa osalephera, ndi mchere uja poti ndinali nditangomva kuti ndi iwo amagula. Ndinkamva kuti zikuyenda bwino, mpweya unayamba kubwerera, ndinafika poti tsopano nkhani imene yandibweretsa.

Kabelu kanalira.

Mlembi anati nthawi yatha, ananena mwaulemu, koma yatha. Ndinayang'ana pepala, linali likadali lopindidwa kanayi. Ndinaganiza za mayi a lolipopu, mmene anandiyang'anira paja, ndipo ndinayamba kudzuka kuti ndibwerere kumbuyo.

Wapampando anakweza dzanja kuti ndidikire, n'kuweramira kwa mlembi. Ananong'onezana. Kenaka anafotokoza kuti sangandiwonjezere nthawi, lamulo ndi limodzi kwa aliyense, bambo wa masamba uja, amene anali atalankhula kale, nayenso anadulidwa. Koma makhansala amaloledwa kufunsa mafunso kwa amene walankhula, ndipo yankho silikhala ndi wotchi. Anafunsa ngati alipo wa funso.

Kanyali kanayaka chakumapeto kwa tebulo. Anali khansala wamkazi wachimwenye, wa mpango paphewa. Anati, "Amayi anganso sayamba nkhani asanafunse za banja lonse, mpaka mphaka." Anthu anaseka pang'ono, kuseka kosapweteka. "Funso langa ndi ili. Mwabwera kudzatiuza chiyani, mayi?"

Pepala sindinalitsegule. Ndinangonena zimene ndinkaona pawindo, m'Chingerezi chothyokathyoka, manja akuthandiza. Ndinati Lachiwiri lole ya mabini imaima pakhomo pa golosale nthawi yomweyo ana akupita kusukulu, ndipo imatseka maso, wa galimoto saona mwana, mwana saona galimoto, ndipo a magalimoto amatopa kudikira n'kumaipitirira mothamanga. Ndinati mayi aja Lachiwiri saima m'mbali, amalowa okha kaye mpaka kupitirira lole, n'kusuzumira, ndipo pokhapo amaitana ana. Ndinati nthawi yozizira dzuwa limatulukira m'munsi cha kumlatho, limalasa m'maso mwa oyendetsa, ndimawaona akutsitsa kotchingira dzuwa, ena akuphimba ndi dzanja. Ndinati ana owoloka ndi ochepa, inde, chifukwa amene ali ndi galimoto amaopa, amawanyamula ngakhale akukhala pafupi, otsala ndi athu a ife opanda galimoto. Kenaka ndinafunsa, sindikudziwa kulimba mtimako kunachokera kuti, ngati magalimoto aja anawawerengako Lachiwiri.

Mayi wa mpango uja anatembenukira kwa bambo wa misewu. Iwo anatsegulatsegula mapepala n'kuvomera kuti linali Lachinayi.

Ndinkaganiza kuti zatha, koma kanyali kena kanayaka. Anali khansala wa timabokosi uja. Anafunsa kuti masiku amene ndili kuntchito, mwana wanga amapita naye ndani.

Ndinakumbukira mayi wa ku Lilongwe uja. Ndikanatha kunena kuti bambo ake, ndani akanadziwa? Koma ndikanama, ndiye kuti mayi a lolipopu alibe ntchito kwa ine, ndiye ndabweretsedwa ndi chiyani? Ndinati, "Aneba amamuyang'ana ali pakhomo, sangathe kuyenda. Pamsewu ndi mayi aja. Palibenso wina." Bamboyo anagwedeza mutu n'kulemba kanthu. Ndinayang'anitsitsa cholemberacho mpaka chinaima.

Anakambirana okhaokha, mawu aatali, manja anakwera, mlembi analemba, ndipo wapampando anatchula nkhani yotsatira, ya mipando ya mulaibulale. Palibe anandiyang'ana. Sindinadziwe ngati tapambana kapena tagonja, ndipo ndinaopa kutuluka akuluakulu akulankhula, ndiye ndinakhala mpaka pamapeto, mipando, mapaipi, zonse.

Pakhonde ndinamudikira mlembi. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti msewu wathu auchotsa kaye pamndandanda, akawerenganso Lachiwiri, nkhani idzabweranso pamsonkhano wina, ndipo adzandilembera kalata. Ndinafunsa zimene khansala wa timabokosi uja analemba. Anakweza mapewa, akuti amene uja amalemba nthawi zonse.

Milungu iwiri yotsatira, aliyense akagogoda ndinkathamangira kaye pawindo kuona ngati ndi a sosho. Anali wa magetsi, anali a mpingo wina ogawa timapepala. Lachiwiri lachitatu anabwera amuna awiri a majekete achikasu, anaima pafupi ndi golosale ndi timakina todina m'manja. Lole ya mabini inafika pa nthawi yake. Ndinaona mmodzi akusiya kudina, n'kutuluka pang'ono mumsewu kuti aone kuseri kwa lole, n'kubwerera msanga galimoto itamudutsa pafupi.

Kalata inabwera patatha mwezi ndi theka. Ndinadikira bambo a mwana, ndipo iwo ali mkati mofufuza magalasi mwana anaitsomphola n'kuiwerenga mokweza ataimirira pampando. Mayi a lolipopu akhalabe mpaka khonsolo itaika maloboti pamalopo, ndipo lole ya mabini izidzayamba mbali ina. M'munsi munali mayina a misewu ina imene owolotsa ake achotsedwa. Umodzi ndinkaudziwa, basi yanga inkadutsa pomwepo, panali sukulu ya geti lobiriwira. Ndinamuuza mwana atsike pampando, ndipo ndinapita kukasita yunifolomu yanga ya mawa.